Tsiku Limene a Chatsalira Anakana Kutuluka M'manda

Kalekale, m'mudzi mwathu muno, mitengo ya kumanda kuno isanatalike chonchi, munali munthu wina dzina lake Chatsalira. Sendererani kumoto kuno anyamata inu, makasuwo ayambe apuma, dothilo silithawa. Ndakhala ndikukuonani chiyambire m'mawa: awa akukumba mbali yawo, awo mbali yawo, fodya osapatsana, ati chifukwa chaka chino n'cha mavoti ndipo akazi anu avala nsalu zosiyana. Mukuyesa mwayamba ndinu zimenezi? Khalani pansi mumve.

A Chatsalira anali alongo awo a agogo awo a amayi anga. Anali afupi, otsimphina mwendo wakumanzere, ndipo pakamwa pawo panalibe chitseko. Ng'ombe analibe, nkhokwe yawo inali yaing'ono, pabwalo sankawafunsa nzeru. Ntchito yawo imodzi yodziwika inali yomwe mwagwirayi: anali mkulu wa adzukulu, okumba manda.

Nthawi imeneyo mudzi uno unali wa mabanja awiri, Kumtunda ndi Kudambo, njira yokhayi pakati. Zinthu ziwiri n'zimene zinkatimanga pamodzi. Choyamba ufumu. Ufumu unkayenda mosinthana: ikamwalira mfumu ya Kumtunda, dzina linkapita Kudambo, ikamwalira ya Kudambo, dzina linkakwera Kumtunda, ndipo osankha munthu wake anali amayi a mbumba. Chachiwiri maliro. Kwathu kuno munthu sakumba manda a mbale wake. Maliro akagwa Kudambo, okumba ankachokera Kumtunda. Akagwa Kumtunda, okumba ankachokera Kudambo. Anamfedwa ntchito yawo inali kulira basi, ndipo kumanda sankapondako mpaka adzukulu atawaitana. A Chatsalira anali a Kumtunda, choncho akufa onse a Kudambo ankagona m'manja mwawo.

Kudambo kunali mayi wina, aNachisale, wotcheza mchere wa m'dambo. Ana awo onse anamwalira ali aang'ono, koma panalibe khomo m'mudzi muno limene silinadyeko mchere wawo. Awiriwa, aNachisale ndi a Chatsalira, anakulira limodzi, ndipo chiyambire ubwana sanapatsanepo moni wabwino. Akakumana panjira anthu ankaima kuti amve. ANachisale ankati, "Iwe Chatsalira, manda ako aja ngosazama, nkhuku ikhoza kufukula." A Chatsalira ankayankha kuti, "Ako ndidzakumba akuya, Nachisale, kuti pakamwa pakopo tisadzamvenso." Akatero aNachisale ankawaponyera kampukutu ka mchere, n'kupita aliyense njira yake akuseka. Anakalamba akutukwanizana choncho, ndipo aliyense ankadziwa kuti m'mudzi monse munalibe anthu okondana ngati amenewo.

Tsono mavuto anabwera motere. Inamwalira mfumu ya Kudambo, dzina linakwera Kumtunda monga mwa mwambo. Koma amene anamulongayo sanakolole n'komwe: anadzala chimanga ali mfumu, chisanache anali atapita ndi chifuwa. A Kudambo anati dzina litsike, nthawi ndi yathu. A Kumtunda anati ayi, nthawi yathu sitinaidye, munthu sanalawe ngakhale dzungu la ufumu wake. Nanga inu mukanati wolakwa ndani? Onse anali ndi mfundo. Nkhani imeneyi akulu akanaitha tsiku limodzi pansi pa mtengo. Koma panali anthu awiri amene sanafune kuti ithe.

Kumtunda kunali Mlongoti, mwana wa mlongo wawo wa a Chatsalira, wamtali, wa mawu okoma, wokonda kuomberedwa m'manja kuposa kudya. Kudambo kunali Chibweya, wochenjera, wosaumira mowa, amene akakupatsa chipanda ankakuyang'ana mpaka umalize kuti aone ngati wakhala wake. Sindikuti anali anthu oipa, ayi. Anali anthu ofuna mpando, ndipo aliyense anazindikira kuti anthu ake akamadana ndi a tsidya lija m'pamene amamukonda iye kwambiri.

Chidani chinakula, anyamata inu, chinakula. A Kumtunda anayamba kutsomeka nthenga ya nkhanga m'tsitsi, a Kudambo kumanga tsamba la bango padzanja. Chitsime chinali chimodzi, chinakhala cha m'mawa awa, cha madzulo awo. Amuna okwatira tsidya lina anasiya akazi ndi ana n'kubwerera kwa amayi awo. Mlongoti akati mvula yayandikira, a Kudambo ankati n'chilala. Chibweya akati dzombe likubwera, a Kumtunda ankati n'zabwino, tidya ndiwo. Mbali iliyonse inali ndi nyimbo yake yonyoza inzake, ndipo woimba ng'oma wa Kumtunda anali Pendame, mwana wa mayi ake aang'ono a Mlongoti, bambo wa ndevu zake, amene nyimbo zoipitsitsa zonse ankapeka ndi iyeyo.

Tsiku lina pabwalo la Kumtunda, mowa utayenda, wina anakuwa kuti a Kudambo azidzikwirira okha. Anthu anaomba m'manja. Mlongoti anaona manja akuombawo, ndipo anaimirira n'kulamula kuti aliyense wa Kumtunda amene adzanyamule khasu kukakumbira wa Kudambo, nyumba yake idzagwetsedwa, iye n'kuchoka pamudzi. Madzulo ake Chibweya analamula zomwezo kwawo. A Chatsalira anafunsa pabwalopo kuti nanga imfa aiuza kale kuti idikire? Anthu anati nkhalamba yaledzera.

Imfa sinadikire. M'chilimwe, dzuwa lili pamutu, nyenje zikulira, aNachisale anagona osadzukanso.

Kulira kunamveka kuwoloka njira. A Chatsalira anakhala pakhonde, khasu lili pamiyendo, kudikira kuti adzukulu anzawo abwere monga mwa nthawi zonse. Sanabwere ndi mmodzi yemwe. Tsiku linapita. Chibweya anauza anyamata ake kuti akumbe okha, koma amayi akuluakulu a Kudambo anagona pakhomo la siwa, nyumba imene munali mtembo, n'kunena kuti chiyambire mudzi uno mwana sanakumbirepo mayi wake, ndipo sizidzayambira pa Nachisale. Anatumiza mthenga kumidzi ina, koma kumeneko anati za eni ake salowerera. Linacha tsiku lina, kutentha kuja, ndipo mphepo ikachokera kudambo anthu a Kumtunda anayamba kutembenuza nkhope. Mayi amene mchere wake unali m'matupi mwa onsewo anali kuonongekera pamphasa.

A Chatsalira zinawawawa. Anali ndi chisoni, anali ndi mkwiyo, koma chachikulu anali ndi manyazi, manyazi oti iwo, mkulu wa adzukulu, akhala pakhonde kumvera lamulo la mwana amene anamuphunzitsa okha kugwira khasu. Mlongo wawo, mayi ake a Mlongoti, anawagwira mwendo kuwapempha kuti asachititse mwanayo manyazi, ndi kuti aganize za nyumba yawo ndi ukalamba wawo. Iwo anangoti, "Nachisale ndinamulonjeza manda akuya." M'mawa kutangoyera anatenga khasu, nkhwangwa ndi lichero, anazula nthenga ya nkhanga imene mlongo wawoyo anawatsomeka, n'kutsimphina kubwera kuno okha.

Mukulidziwa dothi la pano m'chilimwe. Inu ndinu gulu, ndinu anyamata, koma taonani matuza m'manja mwanumo. Nanga nkhalamba yotsimphina, yokha? Khasu linayamba kumveka, gu, gu, gu. Linamveka Kumtunda, linamveka Kudambo, ndipo m'mudzi monse aliyense ankadziwa mwini khasulo. Anakumba kufika m'maondo. Anakumba kufika m'chiuno. Atafika m'khosi, pamene manda ena onse amalekezera, sanaleke, poti analonjeza akuya. Dothi ankaliponya kunja ndi lichero, kuponya, kuponya, mpaka linayamba kuwabwerera kumutu. Pamenepo anaima.

Apa mvetsani bwino. Manda akwathu sitisema popondera m'khoma mwake, akulu ankati imfa ingakwerepo n'kubwerera kumudzi. Amene ali pansi amatuluka ndi dzanja la mdzukulu mnzake. Ndiponso mandawo anali asanathe, poti kunatsala kachipinda ka m'mbali kogonekamo mtembo, ndipo dothi lake limafuna munthu pamwamba wolandira lichero. A Chatsalira zonsezi ankazidziwa asanalowe. Anakhala pansi m'dzenjemo, dzuwa likukwera, madzi alibe, n'kumadikira.

Woyamba kufika anali Chibweya. Anaswa mwambo, iye namfedwa, n'kulowa kumanda asanaitanidwe, chingwe chili m'manja, anyamata ake ali pambuyo. Nkhope yake inali ya chisoni koma maso akuseka. Anawathokoza a Chatsalira ndi mawu ambiri. Anati agwire chingwe atuluke, adzawapatsa nyumba Kudambo ndi dimba lachinyontho, ndipo lero lomwe dziko lonse limva kuti ngakhale mtsibweni wake wa Mlongoti waona kumene kuli chilungamo. Mnyamata wina anali atakonza kale tsamba la bango loti awamange padzanja.

A Chatsalira anayang'ana kumwamba, n'kunena kuti, "Iwe Chibweya, ine sindinabwere kwa iwe. Ndabwera kwa Nachisale. Mayi wa mbumba yako akununkha m'nyumba, iwe ukuwerenga anthu? Choka, ukalire."

Chibweya anakulunga chingwe chake n'kubwerera. Kodi mukuganiza anakalira? Anakauza anthu ake kuti nkhalambayo aisiye momwemo, ikafera m'dzenjemo mlandu udzakhala wa Mlongoti, ndipo zidzawathandiza.

Dzuwa litafika paliwombo anabwera Mlongoti, gulu lake lili pambuyo, nthenga zili petupetu, Pendame ng'oma ili m'khwapa. Gululo linaima m'mphepete mwa msitu. Mlongoti anayenda yekha mpaka pakamwa pa dzenje, ndipo ataona atsibweni ake ali mbuu ndi dothi, milomo itang'ambika, mtima unamupweteka, pakuti ankawakonda ndithu. Analankhula motsitsa kuti a kumbuyo asamve. Anati atuluke, za nyumba aziiwala, adzanena kuti nkhalamba inasokonezeka mutu.

"Ndituluka bwanji, mwana wa mlongo wanga? Landira lichero timalize, kenaka undipatse dzanja."

"Atsibweni, anthu akuona."

"Akuona, inde. Ndipatse dzanja."

Mlongoti anagwada. Agogo anga ankati dzanja analitambasula ndithu, linafika pakati. Ndiye kumbuyo kuja wina anayambitsa nyimbo ija yonyoza a Kudambo, ena anayankha, manja anayamba kuomba. Mlongoti anacheuka. Anaona kuti akangolandira lichero lija wakumbira wa Kudambo, ndipo manja onsewo aleka kumuombera. Anabweza dzanja lake, anaimirira, anasasa dothi m'maondo, n'kubwerera kwa anthu ake akukuwa kuti lamulo ndi lamulo. Munthu wofuna kulamulira mudzi wonse anaopa anthu ake omwe, anyamata inu. Sanaope a Kudambo, sanaope mizimu, anaopa omuombera m'manja.

Gululo linatembenuka kubwerera likuimba. Koma nyimboyo inkamveka yopanda mchere, poti ng'oma sinkalira. Pendame anatsalira. Anaima pomwepo nthawi yaitali, akumva nkhalamba ikutsokomola pansi pa nthaka. Kenaka anamva khasu layambanso, pang'onopang'ono, gu, kenaka zii, kenaka gu. A Chatsalira anali atayamba kachipinda kaja okha, dothi akuliunjika pamapazi awo. Pendame anaika ng'oma pansi. Anapita pakamwa pa dzenje, anagona chafufumimba, n'kunena kuti, "Atsibweni, patseni lichero."

A Chatsalira sanathokoze. Anamufunsa kuti anachedwa kuti, ndipo anamuuza kuti agwire bwino asawathire dothi m'maso.

Amene anali kumapeto kwa gulu anaona ng'oma ili pansi, anabwerera kudzaona. Atafika anachita manyazi kungoima, mmodzi analumphira m'dzenje kulanda khasu. Wina anathamangira madzi. Wina anapita kukadula mitengo yotsekera kachipinda. Anabwera mmodzimmodzi, osayang'anana, nthenga akuzula mobisa n'kuponya m'tchire. Koma a Chatsalira anakana kutuluka mpaka kachipinda katatha, ndipo katatha analowamo, anagona, anadzitambasula kuyesa ngati Nachisale akwanamo. Atakhutira m'pamene anakweza dzanja, Pendame n'kuwakoka. Dzuwa lisanalowe adzukulu a Kumtunda anapita kusiwa, ananyamula mtembo, anagwira nkhuku za anamfedwa monga mwa mwambo, ndipo aNachisale anagona m'manda akuya kuposa onse a m'msitu uno. Pokwirira a Chatsalira anati, "Lankhula tsopano timve." Atatero analira ngati mwana, pamaso pa anthu onse.

Nyumba yawo palibe anaigwetsa. Ndani akanayamba, poti theka la ogwetsawo linali ndi dothi la mandawo m'zikhadabo? Koma dzuwa lija ndi fumbi lija zinawalowa m'chifuwa. Anagona, osadzukanso bwino.

Ali chigonere amayi a mbumba zonse ziwiri anakumana kuchitsime, osaitana mwamuna aliyense. A Kudambo anaumirira kuti nthawi ndi yawo, ndipo a Kumtunda, atatopa ndi manyazi, anavomera. Ndiye mayi wamkulu wa Kudambo anati popeza nthawi ndi yawo, kusankha n'kwawonso, ndipo iwo asankha Pendame. Ena anadabwa. Pendame wa Kumtunda? Pendame amene anapeka nyimbo yoti akazi a Kudambo ali ndi mapazi a bakha? Mayiyo anati nyimboyo aikumbukira ndipo adzamulipiritsa mbuzi, koma Chibweya anaona nkhalamba m'dzenje n'kuona phindu, Mlongoti anaona nkhalamba m'dzenje n'kuona anthu ake, Pendame yekha ndiye anaona nkhalamba m'dzenje. Mayi ake a Mlongoti sanatsutse. Pendame analowa dzina, mbuzi analipira, ndipo analamulira mpaka imvi, akumukalipira a mbali zonse ziwiri mofanana.

A Chatsalira anamwalira mvula yoyamba isanagwe. Mlongoti anakhala pasiwa pafupi ndi mtembo, mutu uli pansi. Apo m'pamene chinamufikira chimene sanachiganizepo tsiku lija pabwalo: iye sangawakumbire atsibweni ake, Pendame sangawakumbire, wa Kumtunda aliyense sangawakumbire. Lamulo lake lija likanakhalapo, akanaonongekera pamphasa ndi atsibweni ake omwe, kenaka amayi ake, kenaka iye. Anafuna kutuma munthu Kudambo kukapempha, koma anasowa nkhope yopemphera.

Mthenga sanafunike. Kusanayere bwino makasu anamveka kuno, osati limodzi ayi, ambirimbiri, gu gu gu gu, ngati mvula ya matalala padenga. Kudambo konse kunabwera, ndi okalamba omwe amene anasiya kale kukumba, ndipo Chibweya anali pansi penipeni, dothi lili m'tsitsi. Anakumba m'malire a manda a mabanja awiriwo, pafupi ndi aNachisale, ati awiriwo azikatukwanizana bwino. Mlongoti atamva makasuwo anagwira dzanja la mtembo lija, lozizira, n'kunena kuti, "Atsibweni, dzanja lija ndi ili." Koma nthawi yake inali itapita, ndipo ankadziwa.

Mitumbira iwiri ili apoyo, pansi pa muwanga, yogundana mapewa, ndi imeneyo.

N'chifukwa chake mpaka lero kwathu kuno, amayi akamasankha wolowa dzina safunsa kuti amalankhula bwanji kapena anthu ake ndi angati. Amafunsa kuti anakumbirako ndani wa tsidya lina. Ndipo inu amene mukupita kukasankha olamulira dziko lonse, funsani funso lomwelo. Wokukondani inu nokha ndi wosavuta kumupeza, ali mbwee, adzabwera ndi nsalu ndi nyimbo. Funani amene angatambasule dzanja kwa wa mbali ina anthu ake akuonerera, akung'ung'udza, manja atasiya kuomba, iye osalibweza. Amene amaopa omuombera m'manja adzakusiyani m'dzenje, ngakhale mutakhala atsibweni ake.

Mavoti adzapita, nsaluzo zidzasanduka zigamba, koma wodzakukumbira iwe ndi uyo wakhala tsidya la motoyo amene sukumupatsa fodya. Dzukani tsono, dzuwa lakwera ndipo anamfedwa akudikira. Mnzanu uja ali pansi wakhalitsa. Iwe amene sunamulankhule chiyambire m'mawa, pita ukamupatse dzanja.